Mabokosi Oyera a Gwakisa

Gwakisa analowa m'kasitolo ka Atupele kopulintira makalata pamsika wa Tukuyu chipewa cha njinga yamoto chili kumutu, mtima uli m'mitambo. M'foni mwake munali kalata yofunsira ukwati wa Tusajigwe, mwana wa bambo Mwakasege, ndipo ankafuna ipulintidwe msanga kuti amalume ake akaikulunge m'kampango koyera n'kukaipereka achibale a mtsikanayo asanabalalike masana omwewo.

"Achemwali, pepala limodzi. Loyera ngati mtima wanga. Fulumirani!"

"Mtima wanu sindinauonepo," anatero Atupele akulumikiza foniyo kukompyuta. "Mapepala alipo awiri, lofewa ndi lolimba."

"Lolimba! Ngati chikondi changa."

"Chimenechonso sindinachionepo." Anasuzumira pasikirini. "PDF iyi mwaikonzera kuti?"

"Pafoni pomwepa. Ndinapeza pulogalamu yaulere. Inandipempha zithunzi, manambala a anzanga, ngakhale komwe ndimagona, ine n'kuvomera zonse. Munthu wokonda sabisa kanthu."

"Mwabisa."

"Ndabisa chiyani?"

"Pali bokosi loyera apa. Dzina la Tusajigwe lakhala pamwamba pake."

"Aaa, ilo? Ndinafufutapo kanthu kena kakang'ono."

"Simunafufute. Munaphimba."

"N'chimodzimodzi!"

"Mukavundikira mphika wa nthochi, nthochizo zimapita kuti?"

"Musandiuze za nthochi pa tsiku lalikulu ngati lino! Mukuona dzina lina pamenepo?"

"Ayi."

"Basi. Chomwe diso silikuona, palibe. Pulintani."

Atupele anagwira mausi n'kukokera bokosilo pambali ngati munthu wotsegula katani m'mawa.

"Subilaga," anawerenga.

Gwakisa anavula chipewa chija.

"Bwezeranipo!"

"Subilaga wa kukwaya?"

"Zimenezo n'za chaka chatha. Makolo ake anakana. Ndiye kalata yokoma chonchi ndiitaye chifukwa cha banja limodzi losadziwa kukoma kwa mawu?"

"Papepala sizioneka."

"Mwaona! Si zomwe ndikunena?"

"Koma m'fayilo zilimo. Bola ngati fayiloyo simunatumize kwa munthu."

Gwakisa anayang'ana kudenga. Kudengako kunali kangaude, ndipo anamuyang'anitsitsa ngati m'bale wake wotayika.

"Mwatumiza," anatero Atupele.

"Amalume amayenda ngati bilimankhwe! Ati tidikire mvula ikate. Kuno ku Tukuyu mvula inakatapo liti? Ndangotumiza kwa bambo Mwakasege m'mawa uno kuti aziyamba kumva kukoma, pepala likubwera m'mbuyo."

"Bambo Mwakasege ali ndi ng'ala m'maso."

"Ndiye bwino kwambiri! Ngakhale bokosilo saliona."

"Sawerenga ndi maso. Foni imawawerengera mokweza. Ndinawaikira ndine."

"Iwerenge! Amve mudzi wonse!"

"Foni ilibe maso, achimwene. Bokosi siliona. Imawerenga zapamwamba ndi zapansi zomwe."

"Bodza. Foni singachite mwano wotero kwa mkamwini."

Atupele anadina batani. M'kasipika ka patebulo munatuluka mawu a mzimayi wopanda chisoni, wowerenga ngati akulengeza maliro a munthu wosamudziwa: "Ine Gwakisa Mwaipaja ndaona duwa m'munda mwanu, duwa limene landilanda tulo, dzina lake Tusajigwe Subilaga Lugano A..."

Gwakisa anadumpha n'kuzula waya wa sipikayo.

"Sinamalize," anatero Atupele.

"Yamaliza!"

"Inati A. Kenako mwazula."

"Imapuma mpweya!"

"Siipuma. Lugano ndani?"

"Wa kuchigayo. Ameneyo asakuvuteni, anakwatiwa ndisanagule n'kampango komwe."

"Ndiye duwalo ndi limodzi, kapena ndi munda wonse?"

"Ndi limodzi! Limodzi nthawi iliyonse!"

Foni ija inanjenjemera patebulo. Gwakisa anatambasula dzanja, koma waya unali waufupi ndipo foniyo inali kumbali ya Atupele.

"Uthenga wochokera kwa Tusajigwe. Ndiwerenge?"

"Werengani. Muone mmene chikondi chimagonjetsera makina."

Atupele anawerenga mosasintha mawu, ngati mzimayi wa m'sipika uja. "Bambo akufunsa ngati mukufunsira mtsikana kapena timu ya netiboli. Aimvetsera katatu, azakhali onse ali pomwepo. Musabwere. Kampangoko mupukutire misozi."

Gwakisa anakhala pansi pa katoni ya mapepala. Katoniyo inabonyoka pang'ono.

"Akuseka chabe," anatero. "Ndi mmene amachezera kwawoko."

"Pali mawu ena. Ati, sitikuseka."

"Ndi pulogalamu ija! Inandinamiza! Inalemba kuti fufutani, ine n'kufufuta!"

"Munajambula bokosi."

"Bokosi loyera pa pepala loyera! Mulungu yekha ndiye akanadziwa!"

"Mulungu, foni ya bambo Mwakasege, azakhali, ndi eni pulogalamuyo. Munawapatsa zonse, paja."

Gwakisa anaimirira, maso ali psuu. "Chotsani zonse, achemwali. Zonse! Pasatsale chobisika chilichonse m'kalata imeneyi. Ndiyambirenso moyo wanga."

"Zonse?"

"Zonse!"

Atupele anakoka bokosi la Subilaga. Panatuluka Lugano. Anagwira bokosi la Lugano.

"Iyayi! Limenelo ayi!"

"Mwati zonse."

"Zonse kupatula limenelo!"

"Ndiye si zonse."

"Ndasintha maganizo!"

"Ndakoka kale."

Pasikirini panatsala dzina limodzi, lolembedwa ndi zilembo zopindikapindika zimene munthu amasankha atakhala tsiku lonse akuyesa zina. Mvula inayamba kugogoda pamalata.

"Atupele," anawerenga Atupele.

"A Atupele alipo ambiri m'Tukuyu muno."

"Atupele Mwansasu."

"Alipo mwina awiri."

"Mwana wa atelala a pafupi ndi siteji ya basi."

"Atelala aja ali ndi ana angati kodi?"

"Wamkazi ndilipo ndekha." Anadinanso penapake. "Fayilo ikuti inalembedwa zaka ziwiri zapitazo, mwezi womwe tinamaliza sukulu."

"Imasunganso tsiku?"

"Ndi ola lomwe."

"Kanthu kameneka n'kakazitape!"

"Kalata iyi sinandipeze."

Gwakisa anazunguza chipewa m'manja. "Ndinkabwera nayo. Ndikafika pakhomopo, inu n'kundifunsa kuti ndikuthandizeni chiyani, ine mawu balala. Ndiye ndinkangogula envulopu."

"Maenvulopu khumi ndi anayi. Ndinkayesa mumakagulitsa."

"Ali pansi pa matiresi."

"Ndiye duwa lija ndinali ine?"

"Munali inu."

"Nanga enawa?"

"Enawa..." Gwakisa anayang'ananso kangaude uja. "Ndinkangophimbira."

"Simunafufute."

"Sizinafufutike."

 Atupele anatembenuza sikirini kuti Gwakisa asaone, n'kuyamba kutayipa. Zala zinagunda kangapo, zinaima, zinagundanso kamodzi. Kenako anagwira mausi, anakoka china chake pang'onopang'ono, n'kuzula foni ija kuwaya.

"Yankho lanu lili m'menemo."

Gwakisa anailanda ndi manja onse awiri. Anatsegula fayiloyo. Tsamba linali mbee, loyera kuyambira pamwamba mpaka pansi.

"Mulibe kanthu umu!"

"Eya."

"Mwalemba! Ndamva zala zanu! Zagunda kasanu kapena kasanu n'kamodzi!"

"Mwina."

Anakanda sikirini ndi chala, anakandanso ndi chikhadabo. Pulogalamu yaulere ija inamuonetsa malonda a mankhwala omeretsa ndevu. Anawatseka. Inamuonetsa a mafuta a galimoto.

"Achemwali! Atupele! Kokani bokosilo!"

"Bokosi liti?"

"Lilipo! Loyera! Pansi pake pali mawu! Chophimba sichifufuta kanthu, nthochi sizichoka mumphika, mwanena nokha!"

"Mukuona mawu pamenepo?"

"Ayi, koma..."

Atupele anabwezeretsa waya wa sipika mwakachetechete, akuluma mlomo kuti usamuwulule.

"Chomwe diso silikuona, palibe, akasitomala. Envulopu ina?"