Oyilo wa ku Chigayo

Mphezi inding'ambe pompano ngati muli bodza ngakhale limodzi m'mawu angawa! Zimitsani njingazo inu a kabaza, mumve.

Chaka chimene fodya anandikomera ndinagula njinga yamoto yofiira, yoyamba m'mudzi mwathu kuseri kwa Mtengowanthenga, ndipo masiku amenewo oyilo sitinkachita kumuwerenga pabotolo ngati inu lero, tinkamutsina ndi zala, akakhala wolimba ngati phala la mgaiwa ndiye kuti ndi wamphamvu. Wogulitsa ku Mponela atandionetsa kabotolo ka oyilo wamadzimadzi ndinamuseka, ndipo ndinapita kuchigayo kukapempha wakuda bii uja amakhetsa mu injini, yemwe timapaka nsanamira za chigafa kuti chiswe chisadye. Waulere, wonona, ndinathira m'njinga yanga. Safunsa anadya phula, ana inu.

Tsono m'mawa wina mu Juni, chisanu chikuluma makutu, mwana wanga Esitere matenda anamuyamba, mimba yake yoyamba. Amayi ake akuti, "Abambo a Esitere, lizani chinthu chanucho!" Ndinaponda kiki. Zii. Ndinapondanso mpaka nsapato kuvuka, koma njinga ili duu ngati ng'ombe yokhuta, mwana akubuula pakhonde, ine thukuta kamukamu m'chisanu chonsecho, pakuti pangolo tikanafika kuchipatala dzuwa litapendeka.

Mwayi wake alamu anga a Lufeyo, makaniko wa ku Ntchisi boma, anali atafika dzulo lake ndi botolo la oyilo m'chikwama, chifukwa mlongo wawo, amayi a Esitere, anali atandineneza kale. Anamasula bawuti ya pansi pa injini, koma oyilo osatuluka. Anachita kumukoka ndi pulayala, ndipo anatuluka wamtali, wouma gwaa, moti ndinayendera ngati ndodo zaka ziwiri.

"Alamu," anatero, "iyi ndi njinga kapena mumaumbiramo njerwa?"

"Konzani kaye, mudzanditukwana mawa!"

Anatsukamo, n'kuthira wamadzimadzi yemwe ndinamuseka uja, wolembedwa 4T, wa njinga zamoto. Kiki imodzi yokha, bwanawe! Ndinakweza Esitere pakati, amayi ake kumbuyo atamugwira, ndipo zitunda zonse zija tinazikwera njinga osatsokomola n'kamodzi komwe. Dzuwa lisanafike pamutu kamtsikana kanalira m'chipatala, ine n'kukhala pansi pakhomo pomwepo ndikuseka ndekha ngati wamisala. Kubatizidwa anabatizidwa Mariya, koma mudzi wonse umamutchula Fotii, dzina la oyilo wa 4T uja, ndi uyo akugulitsa mandasi apoyo, kamufunseni.

Ndiye ana anga, lero mabotolo ndi mbwee, ena enieni ena achinyengo. Werengani zolembedwazo, onani ngati chitsekerero sichinatsegulidwepo, wa galimoto apite m'galimoto, wa njinga m'njinga, ndipo akada musinthe musanamve fungo, pakuti simudziwa amene mudzamunyamule mawa.

Koma zandodo zija ndangothirako mchere. Oyiloyo anatuluka yekha, pang'onopang'ono, ngati uchi.