Chimene Domingo Ankagwirira Chitseko

Abale ndi alongo mwa Ambuye, mtendere ukhale nanu. Ndine mayi wamasiye wa ku Mualadzi, ndipo ndikuuzeni za mwana wanga Domingo, amene ndinatsala pang'ono kumutaya ali moyo.

Nkhondo itatha tinabwerera kuchokera ku Zambia, bambo ake titawasiya m'manda a kumsasa wa othawa nkhondo. Chaka chomwecho Domingo anayamba kuphethira mosalekeza, kugwedeza phewa ndi kutsokomola popanda chifuwa. Apulofesolo, aphunzitsi ake, anati akuwachita mwano, ndipo anamuchotsa sukulu. Alamu anga anati mizimu yakwiya poti sitinathire nsembe pobwerera. Tinafulula mowa, tinathira, mowa unatha koma phewa silinaleke.

Chondipweteka kwambiri chinali chitseko. Sankatuluka asanachigwire mobwerezabwereza, ndipo ukamudukiza ankayambiranso, akulira mwaukali. Abale anagwirizana zoti akakhale kwa sing'anga wakutali mpaka mizimu itamusiya. Ndinalira ngati pa maliro a bambo ake. Ndinati, Mulungu, nkhondo inanditengera mmodzi, uyu ndisiyireni.

Mayi wina wa kwaya anandibwereka njinga, ndinamukweza Domingo mpaka kuchipatala cha ku Chifunde. Namwino anayang'ana phewalo pang'ono chabe. Anati ndi vuto la muubongo, si mwano, ndipo kawirikawiri silibwera lokha. Anandifunsa ngati ankakhazikika m'kalasi, ngati amapsa mtima msanga, ngati pali chimene amachita mobwereza. Nditatchula chitseko, anatembenukira kwa mwanayo, amene mudzi wonse unkamukambirana osamufunsa, namufunsa chomwe chingachitike atapanda kuchigwira.

Domingo anayang'ana pansi. "Amayi afa ngati ababa."

Abale, mtima wanga unasweka. Mwana amene ankamutcha wamwano ankalondera moyo wanga yekhayekha. Namwino anati mantha amenewa ndiwo katundu wolemera kuposa phewa, ndipo anatiphunzitsa kuwachepetsa pang'onopang'ono. Anakaonananso ndi apulofesolo. Domingo anabwerera kusukulu, kwa sing'anga sanapite.

Sindikunamizani, phewa likugwedezekabe, ndipo ena akumusekabe. Koma ndikuyamika Mulungu amene anatuma munthu wodziwa kufunsa. Inu amene muli ndi mwana wotere, musatope kupemphera, komanso mufunseni chimene wasenza. Masiku ano Domingo akatuluka osagwira chitseko, amaima pabwalo n'kucheuka kuti aone ngati ndikadali moyo. Ine ndimaima pakhomo, n'kumukwezera dzanja.