Maekisi a pachifuwa panga

Abale ndi alongo, mundipirire. Ndizilankhula pang'onopang'ono, chifukwa mpweya wanga masiku ano ndi woperewera.

Ndine Namakhwa wa ku Khwethemule. Ndinali kapitawo wa nkhalango ya bulugamu pa esiteti. Zida zanga zinali chitini cha penti wofiira ndi burashi. Ndikaona mtengo woti wakhwima, ndinkaulemba ekisi. Odula ankabwera pambuyo panga, nkhuni n'kupita ku boyila ya fakitale kukaumitsa tiyi. Mtengo umene ndaulemba sunkaonanso mvula ina.

Ntchitoyo inandipatsa matama. Kumowa ndinkadzitcha woweruza. Fodya wa chingambwe sankachoka pakamwa panga. Akazi anga, mayi a Esnati, ankabwera m'tchalitchi muno Sabata lililonse, ine n'kumawaseka kuti akupita kukaimbira mabenchi. Iwo ankangomanga duku n'kunyamuka.

Kenako kunabwera chifuwa. Poyamba anati ndi TB. Mankhwala ndinamwa mpaka kutha, koma ndinayamba kulavula magazi. Mwana wathu Esnati, amene ndi namwino ku Joni, anandiitanitsa. Mayi ake anatsala kuti aziyang'anira munda. Pondiperekeza kokwerera basi anangoti, "Mubwere, bambo a Esnati. Ndikudikirani." Kuyambira tsiku limenelo chimene ndinkafuna chinali chimodzi, kubwerera kwa iwo ndili wamoyo.

Ku Joni anapeza khansa m'mapapo. Anandichita opaleshoni n'kuchotsa mbali ya phapo lakumanja. Bala litapola anati ntchito sinathe. Timizu totsala tinayenera kuwotchedwa ndi cheza cha makina ena ake, amene kuno kwathu kulibe.

Tsiku loyamba sanawotche. Anandigoneka pa tebulo lolimba, manja m'mwamba, mayi wina akundiyeza uku ndi uku. Kenako anatenga cholembera n'kuyamba kulemba pachifuwa panga. Analankhula zambiri m'Chingerezi chothamanga. Changa ndi cha pa esiteti, chongovomera. Esnati anali kuntchito. Ndinangogwedeza mutu ngati ndamva.

Nditafika kunyumba ndinavula malaya pagalasi. Abale, ndinaona maekisi. Wina pakati pa chifuwa, ena m'nthiti.

Chizindikiro chimenecho ndinkachidziwa kuposa munthu wina aliyense. Ndinati basi, andilemba, akungoopa kundiuza. Ndinalira ngati mwana, ine woweruza uja. Ndinatenga sopo ndi chinkhupule n'kukhula mpaka khungu linasupuka. Nditatero ndinalongedza chikwama.

Esnati poweruka anachipeza pakhomo.

"Ababa, ulendo wa kuti?"

"Wa kwathu. Ndikafere ku Khwethemule mayi ako akundiona."

Anandimasula mabatani, n'kukhala pansi pa simenti, misozi chuchuchu.

"Ababa, mwachita chiyani? Kuno si ku bulugamu kwanu. Maekisi aja ndi oti makina aone pogwira, asakuwotcheni mtima ndi phapo labwinolo. Anakulembani chifukwa akufuna mukhale ndi moyo."

Odikira makinawo anali ambiri. Malo anga anapatsa wina, ine n'kubwerera kumbuyo kwa mzere kuti andiyezenso. Ulendo wakumudzi unatalikira ndi masabata angapo, ndipo amene anautalikitsa ndine ndi chinkhupule changa.

Nthawi yanga itafika ndinadziwa kuti kukhala wekha n'chiyani. M'chipinda cha makinawo salowa wina. Amakugoneka, amatuluka onse, chitseko chachikulu n'kutsekeka. Amakuuza kuti usasunthe ngakhale pang'ono. Makina amangolira, sumva kutentha, suona moto. Kupweteka kumabwera pambuyo. Khungu linada ngati lopsa, kummero kunachita zilonda, ngakhale phala linkandivuta kumeza.

Tsiku lina ndili chigonere, manja m'mwamba, ndinapeza kuti mumtima mwanga mukuimbika nyimbo ya mayi a Esnati, imene ankaimba posesa panja. Sindinkadziwa n'komwe kuti ndinaisunga. Ndinati, "Ambuye, ine ndinkalemba kuti chigwe. Ngati Inu mumalemba kuti chikhale, ndilembeni." Limenelo linali pemphero langa loyamba. Makina sanasiye kulira, koma mantha anachoka.

Mayi a Esnati ankapita ku byuro ya telefoni ku Goliati kuti tilankhule. Nditawauza kuti ndayamba kupemphera, anati, "Ndikusungirani malo pa benchi. Muchire msanga."

Kutatsala sabata yomaliza, uthenga unabwera. Mayi a Esnati anagwa m'munda ndi BP, ndipo sanadzukenso. Madokotala anati ndikasiya pakati, zonse zapita pachabe. Esnati anapita yekha kumaliro. Pamene mayi ake ankaikidwa m'manda, ine ndinali pa tebulo lija, manja m'mwamba, osaloledwa kusuntha. Misozi inkatsikira m'makutu.

Ndikanapanda kukhula maekisi aja, mayi a Esnati ndikanawapeza ali moyo. Izi zimandipweteka mpaka lero, ndipo sindikubisirani. Ndinamufunsa Mulungu kuti n'chifukwa chiyani anandisiya ine, wa kachasu ndi fodya, n'kutenga woimba nyimbo Zake. Sanandiyankhe monga ndinkafunira. Koma sanandisiyenso ndekha, ndipo dzanja limene linandigwira m'chipinda chija silinanditaye ngakhale pamanda.

Sabata loyamba nditabwerako ndinaima pakhomo apo, osadziwa pokhala. Amayi ena a m'kwaya anandigwira dzanja n'kundifikitsa pa benchi iyo ya pafupi ndi windo. Anati, "Apa, abambo. Sabata lililonse akazi anu ankaikapo chikwama chawo, n'kumakaniza anthu kuti pali mwini wake. Anayamba kalekale, inu musanadwale n'komwe."

Alemekezeke Yesu, amene anandidikira ndi kuleza mtima koteroko.

Tsono iwe bambo mnzanga amene waperekeza akazi ako lero, ndipo mtima uli pakhomo kufuna kuthawa, mvera ine wa phapo loperewera. Wina wakusungira malo. Khalapo iye akadali pambali pako. Ine pa benchi paja ndimakhala ndekha.