Nsapato za Luntha zili kwa ine

Malemu a Justus Makwinja anabadwa pa 12 Malichi 1978 kwathu ku Mbedza, muno mu Zomba. Ine ndine mayi awo, Sellina Makwinja. Mbiriyi anayenera kuwerenga amalume awo, koma iwowo amazungulira, ndipo kumanda n'kutali.

Sukulu anayamba mu 1985, fomu 4 anamaliza mu 1997. Tsiku losapita kusukulu ankandiperekeza kuphiri kukatola nkhuni. Potsika ankayenda kumbuyo kwanga n'kumandiuza kuti ndikupondera mbali imodzi. Ndinkawakalipira kuti ayang'ane njira. Sindinadziwe kuti ntchito yawo idzakhala yomweyo.

Mu 2000 anapita ku Blantyre kukaphunzira za mafizo, ntchito yothandiza anthu opweteka mafupa ndi minofu. Mu 2003 anayamba ntchito pachipatala m'tauni muno, ndipo chaka chomwecho anamanga ukwati woyera ndi a Rose, amene akhala apowa.

Kuyambira mu 2011, Loweruka lililonse ankathandiza othamanga: asilikali, ana a ku yunivesite, ndi a m'maofesi aja amayamba kuthamanga mimba ikakula. Munthu akabwera ndi bondo, malemu sankayamba ndi bondolo. Ankatembenuza nsapato kuti aone mbali yomwe yadyeka. Kenako ankamuthamangitsa pamchenga wonyowa kumtsinje wa Likangala, iwo atanjuta n'kumajambula pafoni. Wina ankamuuza kuti akuponya mwendo patali n'kumagwera chidendene, afupikitse. Wina, kuti bondo likugwera mkati chifukwa m'chiuno mulibe mphamvu. Chimene ankadana nacho ndi munthu wothamanga makilomita asanu sabata ino, sabata yamawa makumi awiri. Ankati fupa limazolowera katundu pang'onopang'ono, ukalifulumizitsa limang'aluka. Ine anandiuza kuti mtolo wa nkhuni ndiziugawa pawiri. Ndinakana zaka zitatu. Mawondo awa ndi mboni kuti wolakwa anali ine.

Matenda a impso anawayamba mu 2021. Anagonekedwa pa 2 Ogasiti chaka chino cha 2023, ndipo anatisiya Lolemba pa 14 Ogasiti.

Munthu womaliza kumuyeza anali mwana wawo woyamba, Luntha, amene mumamuona akuthamanga pamsewu wa kuphiri. Pa 28 Julaye, ali odwala kale, anamudina pamsongolo wa kumanzere, mwana n'kukuwa. Anamutumiza kukajambulitsa, ndipo fupa linapezeka ndi mng'alu. Anamuuza kuti masabata khumi asathamange, mpaka pa 6 Okutobala, ndipo akadzayamba ayambe ndi kuyenda pamalo athyathyathya. Akakakamira, fupalo lithyoka, kuthamanga kuthera pomwepo. Luntha anapempha kuti akhale masabata asanu ndi limodzi. Bambo ake anakana. Nsapato za Luntha anandipatsa ine iwo ali m'chipatala, atazikulunga m'jumbo.

Tsopano ndamva kuti a gulu lothamanga mwakonza zokwera phiri Loweruka pa 26 kukumbukira malemu, ndipo mwati mwana wawo ndiye akhale kutsogolo. Ganizo lake ndi labwino, tathokoza. Kwerani. Koma Luntha mumufufute papepalapo lero. Abambo mfumu amva, amfumu amva, nonse mwamva. Wina akamubwereka nsapato, abwere adzandiyang'ane kumaso. Amene munagulako zipatso kwa ine pamsewu paja mukudziwa kuti ndikanena mtengo sinditsitsa, ndipo awa si mapichesi.

Luntha, mdzukulu wanga, ndikukuona wazolika. Ndikudziwa ukufuna kuwalira ndi miyendo, poti ndi mmene munkachezera awiri inu. Loweruka limenelo udzakhala nane m'mbali mwa msewu, tizidzapatsa anzakowo madzi.

Malemu asiya akazi awo a Rose, ana atatu, Luntha, Chifuniro ndi Hopewell, mchemwali wawo a Consolata, ndi ine amene ndimayesa kuti adzandiika ndi iwowo.

Tikuthokoza madokotala ndi anamwino amene anayesetsa, a Mphakati wathu, adzukulu okumba manda, amayi amene agona pano masiku awiri, ndi a Gilson amene anapereka galimoto osadikira kupemphedwa.

A Justus, mwana wanga, mzimu wanu uuse mumtendere. Jumbo lija ndidzamasula pa 6 Okutobala, osati pa 5.