Benchi Yakumbuyo pa Khirisimasi

Inu a pawailesi, ndiwerengereniko nkhaniyi. Nthawi ya Chitaganya ndinali mkulu wa mpingo kwathu kufupi ndi Sinda. Mlongo wanga anali atadulidwa mumpingo chifukwa chotenga mimba asanakwatiwe. Pa Khirisimasi anabwera kutchalitchi mvula ikugwa, nati, "Achimwene, ndingokhalako pabenchi yakumbuyo." Benchiyo inalidi ya anthu odulidwa, koma ine manyazi anandigwira. Ndinati, "Malo atha, bwerera."

Nditalowa, abusa analalikira za mayi wa Yesu, mmene anasowera malo ogona ali woyembekezera. Nyimbo inandikanika kuimba.

Mlongo wangayo anamwalira pobereka mwezi wotsatira, ndisanamupepese. Mpaka lero, Khirisimasi iliyonse ndimakhala pabenchi yakumbuyo. Anthu amati ndi kudzichepetsa, koma ine ndimakhala ndikumusungira malo.