Nambala 14 ya Malemu a Norman Kalimbira

Malemu a Norman Kalimbira, amene atisonkhanitsa m'tchalitchi muno lero, anabadwa pa 9 Okutobala 1981 m'mudzi mwa Chimkombero, Mfumu Yaikulu Kaphuka, m'boma la Dedza. Anali achiwiri kubadwa m'banja la ana atatu la malemu a Justus Kalimbira, omwe anali aphunzitsi, ndi mayi Elizabeth Kalimbira, anamwino, amene akhala kutsogoloku. Ine ndikuwerengane ndine Charles, mkulu wawo. Abale andituma kuti ndiyankhule chifukwa akuti ndine wolimba mtima. Sikulimba mtima ayi. Chimwalirireni mng'ono wanga sindikumva kalikonse, ngakhale njala, choncho mundikhululukire ndikamawerenga ngati ndikulengeza za msonkhano.

Sukulu ya pulayimale anayamba mu 1987 komwe bambo athu ankaphunzitsa, ndipo mu 1996 anasankhidwa kupita ku sekondale ya mishoni m'boma lomwelo. Ali Folomu 2 anali atandipitirira kale msinkhu, atawapitiriranso bambo. M'nyumba mwathu ankalowa chowerama. Ku sekondaleko ndi kumene anadziwana ndi mpira wa basiketibolo, uja woponya m'nkhata yachitsulo yokhala m'mwamba. Pa holide anazula limu ya njinga yakale ya bambo n'kuikhomera pa mtengo wa bulugamu kuseri kwa nyumba. Mudzi wonse unkadziwa kuti sukulu atsekera pongomva phokoso la mpirawo.

Mu Juni 2001 bambo athu anatisiya. Titachoka kumanda, amalume athu a Malachi anayala mphasa n'kugawa zovala za malemu monga mwa mwambo wakwathu. Ine anandipatsa nsapato ndi chipewa. Jekete la bulauni, lomwe bambo ankavala popita ku tchalitchi, linagwera a Norman. Manja ake ankathera pafupi ndi zigongono, moti tonse tinaseka pamaliro pomwepo, ndi mayi omwe. Koma iwo analivala. Mayi atapeza ntchito ya unamwino kuno ku Birmingham n'kuwaitanitsa mu Seputembala 2002, a Norman anakwera ndege atavala jekete lomwelo.

Mu 2003 analowa koleji ya ntchito zamanja kufupi ndi Handsworth kukaphunzira zamagetsi. Mphunzitsi wa mpira anawaona pa mzere wogula chakudya, mutu wawo uli pamwamba pa anthu onse, ndipo madzulo a tsiku lomwelo anali ali mu timu. Anawapatsa jezi, malaya osewerera aja, ya nambala 14. Ena akhala akutifunsa tanthauzo la nambala imeneyi. Ilibe tanthauzo. Inali jezi yokhayo m'thumba yomwe inkawafika m'chiuno. Anasewera zaka zitatu, ndipo mu 2005 timu yawo inatenga chikho cha makoleji a m'chigawo chino, zomwe zinali zisanachitikepo. Mnzawo wa pamtima mu timuyo anali a Kingston Bailey, obadwira ku Handsworth konkuno, omwe makolo awo anachokera ku Jamaica. A Kingston ndi amene ankagoletsa kwambiri, koma amanena okha kuti theka la zigoli zawo inali mipira yomwe a Norman akanatha kuponya okha koma anapatsira.

Pa 20 Ogasiti 2005 anamanga banja m'tchalitchi muno ndi mayi Doreen, anamwino ochokera ku Karonga. Mulungu anawadalitsa ndi ana awiri, Twambilile mu 2006 ndi Mwai mu 2011. Atamaliza maphunziro anagwira ntchito yamagetsi ku Hanley zaka zisanu, kenako anabwerera kuno n'kuyamba yawoyawo. Ambiri muno nyumba zanu zikuyaka chifukwa cha manja awo. Loweruka m'mawa sankagwira ntchito ngakhale muwachonderere bwanji, chifukwa inali nthawi yophunzitsa ana mpira.

Mu 2018 koleji ija inamanga holo yatsopano yosewerera, ndipo osewera akale anakhazikitsa komiti ya anthu asanu, a Kingston ali apampando, a Norman ali membala. Kwa abale amene mwabwera kumene kuchokera kumudzi, ndifotokoze ntchito ya komitiyi, poti inenso inandivuta kumva. Kuno, wosewera akatumikira timu mopambana, amatenga jezi yake n'kuipachika kudenga la holo, ndipo kuyambira tsiku limenelo nambala imeneyo saivalanso wina aliyense. Kwa iwo ulemu woposa pamenepo palibe. Ine nditabwera mu 2022 kudzagwira ntchito yosamalira okalamba, malemu ananditengera ku holoko. Nditaona malaya ali lendelende m'mwamba, ndinafunsa kuti wachapa ndani n'kuyanika kutali chotere. Anandiseka mwezi wathunthu. Ambiri a inu anakufotokozerani nkhaniyi, ena kawiri.

Ntchito ya komitiyo sinali yophweka. Mayina anali ambiri, ndipo nambala iliyonse yokwera kudenga inali nambala yomwe ana obwera m'mbuyo alandidwa. Ena ankati angowerenga zigoli, wazigoli zambiri jezi yake ikwere. Ena ankati ayang'ane zikho. Malemu ankati zigoli aliyense akuzidziwa kale, chofunika n'kufunsa amene anasewera naye munthuyo ngati angakonde kuseweranso naye. Anali munthu wofatsa, koma pa nkhani imeneyi ankabwera kunyumba mawu atasasa. Mayi Doreen akuti tsiku la komiti ankalidziwira mmene atsekera chitseko.

Mkangano waukulu unali mu 2019, pa dzina la mayi Ann Campbell, omwe anatsogolera timu ya atsikana zaka zambiri m'mbuyomu. Kudenga kunali majezi a amuna okhaokha. Komiti inavomera kupachika nambala 6 ya mayi Ann, koma inati atsikana okha ndiwo aisiye, anyamata apitirize kuivala. A Norman anakana kwamtuwagalu. Anati ulemu wa theka ndi chipongwe. Anati holo ndi imodzi, denga ndi limodzi, ndiye nambala ikakwera ichoke pamsana pa anyamata ndi atsikana omwe. Analimbana miyezi ingapo mpaka lamulo limenelo linakhazikitsidwa, ndipo likugwira ntchito mpaka lero. Ndikupempha kuti mulisunge lamuloli, chifukwa ndibwerera nalo.

Dzina lawo linabwera patebulo katatu, ndipo katatu konse anakana. Za anzawo ankakweza dzanja mosangalala, chifukwa ankati uwu ndi mwambo wa eni dziko, ndipo anali ataona mmene mabanja amasangalalira jezi ikamakwera. Koma yawo ayi. Ankawauza anzawowo za jekete la bambo. Ankati kwathu munthu akapita, chovala chake sitikhomera pakhoma, timampatsa wamoyo kuti akachithe. Sankafuna kuti jezi yawo izidya fumbi kudenga pamene pansi pali mwana wamtali amene ingamukwane. A Kingston ankayesa ndi kudzichepetsa chabe, tsiku lina adzagonja.

Mu Seputembala 2024 Twambilile analowa koleji yomweyo n'kusankhidwa mu timu ya atsikana. Atamufunsa nambala, anatchula 14. Bambo ake sanamuuze kuti atero. Atamva anangopita ku galaja n'kukhalako nthawi yaitali, akuti akufunafuna waya.

Mu Malichi 2025 a Norman anayamba kudandaula m'mimba ndi kutopa. Ankati ndi kuchuluka kwa ntchito. Mu Meyi madokotala anapeza khansa ya chiwindi, itafalikira kale. Analandira mankhwala miyezi isanu. Chimunthu chachitali chija chinatha, mpaka mphete ya ukwati ankaivala pa kachingwe m'khosi. Mu Okutobala anapempha kuti tiwatengere ku holo pa chikuku akaone mwana wawo akusewera. Timu ya Twambilile inagonja tsiku limenelo. Pobwerera sananene za kugonjako. Anangoti jeziyo ikumukhala bwino m'mapewa. Anamwalira m'chipatala Lachiwiri pa 18 Novembala 2025 m'mawa, mayi Doreen ndi mayi athu ali pambali pawo. Anali ndi zaka 44.

Komiti inakumana sabata yomweyo. Manja anayi onse anakwera, wotsutsa panalibe, popeza wotsutsa uja ndi amene agona apawa. A komitiwo anabwera kunyumba ya siwa ndi mtima wabwino, a Kingston akulira ngati mwana, kudzatiuza kuti nambala 14 ikwera kudenga. Panalibe amene anali ataganizira za lamulo lija, loti nambala ikakwera ichoke pamsana pa anyamata ndi atsikana omwe. Amene analikumbukira ndi Twambilile. Anakwera kuchipinda kwake, anatsika ndi jezi yake itapindidwa bwinobwino, anaipereka kwa a Kingston, nathokoza mwaulemu m'Chingerezi. Kuchokera tsiku limenelo sanapitenso kokonzekera masewera. Anzake a mu timu akabwera amangowayang'ana. Mayi ake atamufunsa, anayankha kuti akudziwa kuti nambala ina angathe kumupatsa, koma sakuona chomwe angasewerere. Sakulira, sakudya. Ndi uyo wakhala pakati pa mayi ake ndi agogo ake.

Abale tinakhala pansi, ndipo sinali nkhani yapafupi. Ulemu umenewu palibe Mmalawi anaulandirapo pa koleji imeneyo. Ena mwa ife, ndi ine ndemwe, tinkafuna kuti dzina la Kalimbira lioneke kudenga, adzukulu adzaliloze. Komanso kubweza mphatso ya anthu amene abwera kudzalira nawe ndi chinthu chamanyazi. Tinaimbira foni amalume a Malachi ku Dedza, omwe aja anayala mphasa bambo atamwalira. Akalamba tsopano, khutu limodzi silimva. Tinawafotokozera za denga kawiri konse, osamvetsa. Anangofunsa ngati chovalacho chang'ambika. Titati ayi, anafunsa ngati pabanjapo palibe amene chikumukwana. Mayi Doreen, omwe anali asanatsegule pakamwa chiyambireni nkhaniyo, ndi amene anayankha kuti alipo.

Ndiye ndatumidwa kuti ndinene izi pamaso pa nonse. A Kingston, mayi Ann, ndi osewera akale nonse, ndikhulupirira kuti amene mwakhala nawo pafupi akukunong'onezani m'Chingerezi. Banja likuthokoza kuchokera pansi pa mtima. Mwatilemekeza, ndipo sitidzaiwala. Koma nambala 14 musaipachike. Malemu anakana katatu ali moyo, ndipo ife sitingawavomerere lero chifukwa choti sangathenso kuyankha. A Kingston tinawauza dzulo kuti asadzidzimuke muno. Anati munthuyu ngakhale ali m'bokosi wawagonjetsanso pa voti. Jezi abweza m'mawa uno.

Mwa mwambo wathu zovala timagawa tikachoka kumanda. Amalume alola kuti chimodzi chokha tigawiretu. Twambilile, mwana wanga, sitinakuuze, ukumvera pompano. Ndinena m'Chichewa, chifukwa umamva ngakhale umatiyankha m'Chingerezi. Nambala ya bambo ako yagwera iwe. Jezi ili m'chikwama cha amayi ako pamenepo. Sitikukukakamiza kusewera Loweruka likudzali kapena lina lililonse. Tikungoti ndi yako, ndipo palibe amene aichotse pamsana pako.

Malemu asiya akazi awo, mayi Doreen Kalimbira, ndi ana awiri, Twambilile ndi Mwai. Asiya mayi awo, mayi Elizabeth Kalimbira, omwe sanayembekezere kuika mwana m'dziko la eni. Asiya ine mkulu wawo, ndi mlongo wathu Melissa, amene akutsatira mwambowu pa foni ali ku Dedza pamodzi ndi amalume. Jekete la bulauni lija likadalipo. Tamuyesa Mwai, ndipo pakadali pano manja akumukwana.

Banja likuthokoza abusa ndi mpingo wonse, amayi a chigwirizano omwe sanachoke pa siwa, ndi kwaya ya abale athu a ku Zambia. Tikuthokoza anamwino anzawo a mayi Doreen omwe anagawana mashifiti awo kuti iwo akhale pambali pa amuna awo. Tikuthokoza madokotala ndi onse ogwira ntchito ku chipatala. Tikuthokoza a Hamza a ku Small Heath, mnzawo wa ntchito wa malemu, omwe galimoto yawo yatuta mipando ndi anthu osatopa. Tikuthokozanso osewera akale amene anyamule bokosi potuluka muno. Bokosilo ndi lalitali, tinachita kuitanitsa lapadera, choncho pakhomo paja mukhote mosamala.

A Norman, mng'ono wanga, misozi yanga sinabwere, mwina ibwera ndikakhala ndekha m'basi popita ku ntchito. Za kuno musade nazo nkhawa. Jezi ija ikada ndi thukuta tidzachapa, tidzayanika pa chingwe kuseri kwa nyumba, pomwe dzanja limafika, ikauma mwana adzavalenso. Pitani bwino. Mzimu wanu uuse mumtendere.