Dzanja Lopanda Mchere

— Halo?

— Halo, agogo!

— Ndani ameneyo? Ndikufuna Rakele, mdzukulu wanga, mphunzitsi wa ku Kasakula.

— Ndine, agogo. Mwaimba pa foni yanga, mukufunsanso kuti ndani?

— Munthu umafunsa. Masiku ano akuba amalowa m'mafoni n'kumalankhula ndi mawu a m'bale wako. Waswera bwanji, mkazi mnzanga?

— Ndaswera bwino, kaya inu?

— Ndaswerako. Abambo akunyumba?

— Ali bwino.

— Ana?

— Onse ali bwino. Diana wayamba kukwawa.

— Musamamusiye pansi yekha, zinkhanira zimakonda kuseri kwa matumba. Ndipo foni ili pamoto usamayankhe, wina ku Chisepo inamuphulikira kukhutu.

— Ndamva. Ku Mvera kuli bwanji? Miyendo ija?

— Iliko. Ndaima nayo pachulu pano, kuseri kwa khola, poti m'nyumba netiweki imakana.

— Mwakwera chulu ndi miyendo yotupa? Bwanji osangofulasha monga mwa masiku onse? Dulani, ndikuimbireni ine.

— Usadule. Mayunitsi ndagula ndekha, ndagulitsa mazira. Nkhani ya lero ndilipire ine.

— Nanga nambala wakupezerani ndani?

— Batani lija Anjelina analipaka utoto wa zikhadabo. Ndikalikanikiza n'kuwerenga mpaka kasanu, limakupeza. Rakele, ndakhala ndikulingalira. Mtsikana wa ku Burundi ameneyu akukudyera ndalama zambiri.

— Zayambanso?

— Tamvera kaye. Mwezi ndi mwezi sevente sauzande, kuchotsa pa malipiro a uphunzitsi. Uikepo sopo. Uikepo mafuta, poti kwawoko nyemba saphika zopanda mafuta, amaponyamonso nthochi zaziwisi. Akamapita ku Dzaleka kukaona mwana wake, ya minibasi ndi iwe. Za mapepala ake sindizidziwa, galimoto ikangoima pamsewu mtima wanga umathawira kudimba. Wa pamudzi pano akanalandira theka, n'kumakagona kwawo.

— A pamudzi tinayesa atatu, agogo. Woyamba munati ali ndi maso akuba. Wachiwiri munati amaseka ndi amuna pa mjigo. Wachitatu anathawa yekha. Anjelina watha nanu chaka ndi miyezi inayi, kukusambitsani, kukuperekezani kuchipatala.

— Sindikukana.

— Ndipo ndalama ndi zanga, sindinadandaule.

— Ndikungoti mwezi uno usatumize.

— Chifukwa?

— Halo? Netiweki iyi...

— Ndikukumvani bwinobwino. Mpatseni foni Anjelina.

— Wapita kumjigo.

— Ndidikira.

— Mayunitsi atha.

— Agogo.

— Palibe. Lero ndi tsiku lachinayi chichokereni. Ndinamuthamangitsa.

— Munamuthamangitsa? Analakwa chiyani?

— Usandidule mawu, ndikanena kamodzi sindibwereza. Mwambo wathu ukuudziwa. Mkazi akakhala kumwezi sathira mchere m'ndiwo, amathira ndi wina. Akathira yekha, odyawo amadulika: miyendo kutupa, chifuwa, mpaka kumanda. Tsiku lomwe anafika ndinamuuza zimenezi, ndi pakamwa ndi manja, poti Chichewa chake chinali chikadali chosweka. Anati kwawo kulibe zimenezo, komabe anavomera. Masiku ake akafika ankandiitana, ine n'kukathira.

— Agogo, inu mkazi wa mkulu wa mpingo, zaka zonsezi mu Chigwirizano cha amayi...

— Ndati usandidule. Agogo ako aamuna anali mkulu wa mpingo, inde, koma mchere wa mkazi wa kumwezi sanaulawepo. Ndiye sabata yatha ndinaona tinsalu take atayanika kuseri kwa bafa, ndinadziwa. Ndinadikira kuti andiitane. Zii. Ndinakhala pakhonde ngati ndikuswa mtedza, diso lili kukhitchini. Ndinamuona ndi maso angawa: dzanja m'chitini cha mchere, dzanja pamwamba pa mphika, zala zikuwaza. Masiku atatu, osaphonya. Kudzuka Lachitatu, miyendo ngati mitondo, nsapato kukana.

— Munamufunsa?

— Ndikanafunsa bwenzi ndili pachulu pano? Ndinasunga m'mimba. Lachinayi amayi a Chigwirizano anabwera kudzandizonda, asanu ndi awiri, ndi mayunifomu awo oyera. Tinaimba, tinapemphera. Anjelina analowa ndi tiyi n'kugwada. Mmodzi anafunsa kuti miyendo yatani. Pomwepo pakamwa panga panatseguka.

— Munati chiyani?

— Ndinati wandidula ndi uyu. Ndinati tinamutola kukampu, lero akufuna kundipha kuti atsale ndi nyumba.

— Agogo...

— Sindinathe. Ndinati anthu othawa kwawo amathawa ali ndi zifukwa.

— Munanena zimenezo? Kwa munthu amene mwamuna wake anaphedwa pamaso pake?

— Ndinanena. Nkhani imeneyo anandiuza yekha tsiku lina akundimeta, ndipo ndinatenga yomweyo n'kumubaya nayo.

— Iye anati chiyani?

— Anaika thireyi pansi bwinobwino, osataya ndi dontho lomwe. Anangoti, "Mama, sindinathire." Ndinati ndakuona. Anati, "Mwaona dzanja." Ine ndinayesa mwano. Ndinamuuza kuti amange katundu, ndinamumasulitsanso chikwama pamaso pa amayi. Madiresi awiri, bulangeti, chithunzi cha mwana. Amayi aja maso pansi, tiyi sanamwe. Anjelina asananyamuke anadzaza ndowa zonse madzi, nkhuni anandiunjikira pakhomo penipeni kuti ndisayende mtunda. Halo? Ulipo?

— Ndilipo.

— Lachisanu ndinadya za kwa aneba. Loweruka ndinati ndiphike ndekha. Kupisa dzanja m'chitini muja, ndinakhudza pepala. Paketi ija unabweretsa pa Pasaka, Rakele. Yosatsegula. Ndinaitembenuza uku ndi uku kufuna pobowoka, panalibe.

— Ndiye kuti ankawaza chiyani?

— Mphepo. Dzulo kunabwera Alexio, mlangizi wa zaumoyo uja, ndi kalamba kake kofinya mkono. Kundiyeza, anagwira pakamwa, akuti bipi yakwera. Ndiye anandifotokozera. Akuti pa Pasaka pomwepo kuchipatala anamuuza Anjelina kuti mchere ndisiyiretu. Iye anawauza kuti agogo akapanda kuona mchere ukulowa mumphika sadya, amati akuwadyetsa za odwala. Ndiye anapangana kuti aziyendetsa dzanja lopanda kanthu. Sakanandiitananso kuti ndithire, poti ine ndikanathira weniweni.

— Ndiye miyendo yatupa bwanji, ngati mchere simukudya?

— Alexio anafunsanso chomwecho. Ndinamuuza kuti mwina ndi ukalamba.

— Ndi ukalamba?

— Mbuzi za kwa aInnocent zalowanso m'munda, taona...

— Agogo, mayunitsi ndi anu.

— Ndiwo zinkandizizira, mwana wanga. Ndinkayesa ali ndi dzanja louma, akuthira pang'ono kuti akusungire ndalama. Ndiye tsiku la msika ndinagula mchere wamiyala uja, ndinaumanga pa mfundo ya chitenje. Akangotembenuka kukatenga madzi akumwa, ine n'kumasula, n'kuthira. Osati pang'ono. Mmawa, masana, madzulo, mpaka m'phala. Ndinadzidula ndekha, Rakele. Munthu wa eni ake ndinamuvula pamaso pa mpingo chifukwa cha mfundo yangayi. Dzulo kutchalitchi sindinapite. Ndikayang'ana bwanji amayi aja?

— Agogo, nanenso ndinene zanga. Anjelina anandiimbira Lachisanu.

— Ndiye umadziwa? Undisiye ndizungulire ndi sopo ndi mafuta, iwe ukudziwa?

— Ndimadziwa kuti palibe, koma osati chifukwa chake. Loweruka ndinakuimbirani kanayi.

— Ndinaimva. Ndinaiika pansi pa pilo.

— N'chifukwa chake ndinatuma Alexio kuti akakuoneni. Lero ndinati ndidikire, munene nokha.

— Anandinenera zotani?

— Sanakunenereni. Anati mwana wake sakupeza bwino, akufunika akhale ku Dzaleka kaye. Anati mwezi uno nditumize theka, poti sanaumalize.

— Za amayi aja, za chikwama?

— Palibe. Anangoti wina azikukumbutsani piritsi loyera mmawa uliwonse, chifukwa mumalibisa pansi pa lilime. Kenako anati, "Pa mfundo ya chitenje cha mama pali mchere. Mukapita, muziuchepetsa akamasamba, monga ndinkachitira ine. Musawauze, angachite manyazi."

— Mayo ine.

— Halo? Agogo?

— Ankadziwa.

— Akuti anauona tsiku lina akuchapa.

— Ndimadabwa kuti mfundo ikuchepa msanga, ndinkayesa ukusungunuka ndi thukuta. Ndiye ndinkawonjezera. Rakele, tsiku lija chitenje chinali m'chiuno mwanga, iye atagwada pafupi nacho chonchi. Akanangoloza. Amayi asanu ndi awiri akanaona okha. Akanangotambasula chala.

— Sanaloze.

— Sanaloze.

— Khalani pansi, agogo, mungagwe pachulupo. Ndimuimbira madzulo ano, ndimupepesa m'malo mwanu.

— Ayi. Mwano sunatuluke pakamwa pako. Mawa ndinyamuka ndi tambala wofiira uja, ndikwera minibasi mpaka pa Chezi, pamenepo ndikafunsa ya ku Dzaleka.

— Inu? Paja munkati kumeneko munthu akalowa satuluka?

— Ndinanena zambiri.

— Dikirani Loweruka, ndibwere tipitire limodzi. Miyendo yanuyo, ndiponso zikwangwani simuwerenga.

— Pakamwa ndili napo, ndaona kale kuti pamagwira ntchito. Loweruka n'kutali. Lachinayi amayi akumana kutchalitchi, ndikufuna ndikaime pamaso pawo nditamuona kale mwini wake. Ndikawaonetsa paketi ija.

— Mwina sakavomera kubwerera, mukudziwa?

— Akane, ndi ufulu wake. Sindikukamutenga, ndikukagwada. Iwe ungomufunsa kuti nyumba yake ili mbali iti, koma usamuuze kuti ndikubwera, angandiphikire. Ndipo ndalama ija tumiza yonse. Za theka usamvere.

— Paja munati akundidyera zambiri?

— Usandiseke, mkazi mnzanga. Mayi wa m'foni uja wayamba kulankhula, akuti mayunitsi atsala pang'ono. Kodi kwawoko munthu akalakwa, nkhuku amalandira?

— Sindikudziwa, agogo.

— Ndikaona komweko. Ana uwapatse moni. Diana musamusiye pansi.

— Nanga mfundo ija ili kuti?

— Ndamasula tikulankhula muno. Ndathira pachulu, chiswe chitupe miyendo. Koma ndiwo za lero ndidya bwa...

— Halo? Agogo? Piritsi loyera lija, mmawa musanakwere... Halo?